Khungu linapola, maso ayi

Lolemba kuchipinda chathu cha maso kumadzaza agogo a ng'ala ndi ana a maso ofiira, ndipo sabata ino zinali chomwecho. Koma chimene chandikhala pamtima ndi odwala amene anapulumuka Stevens-Johnson, matenda amene amabwera mankhwala akapanda kumuyanja munthu: khungu limachita matuza n'kusupuka ngati wapsa ndi madzi owira, m'kamwa ndi m'maso n'kuchita zilonda. Kuno kwathu tawaona kwambiri ndi Bactrim, ma ARV a nevirapine, Fansidar ndi mankhwala a khunyu monga carbamazepine ndi phenobarbitone. Chiyambire kupereka ma ARV a dolutegravir mu 2019, a nevirapine aja achepa. A Bactrim akadalipo.

Lachiwiri kunabwera mayi wina atadziphimba chitenje kumutu, dzuwa likumuthobwa ngakhale tinali m'nyumba. Anadwala zaka zapitazo, anatulutsidwa m'chipatala, achibale n'kuthokoza Mulungu kuti zatha. Sizinathe. Tinjira ta misozi tinatsekeka ndi zipsera, choncho maso ake ndi ouma gwa. Chikope cham'munsi chinapindikira m'kati, titsitsi take n'kumakanda kagalasi ka diso nthawi iliyonse akaphethira.

"Adokotala, ndimangomva ngati muli mchenga. Ndikalira maliro misozi siituluka, anthu amati ndine wouma mtima."

Ndinazula titsitsito kamodzikamodzi ndi kopanira, iye atagwira mpando zolimba. Timameranso, ndiye ayenera kumabwerabwera, ndipo thiransipoti yake ndi ya kabaza kenako minibasi. Mankhwala odonthezera ofewetsa maso amafunika tsiku lonse, moyo wonse, koma kabotolo sikachedwa kutha. Ndinamulembera kalata yoti akaonedwe kuchipatala cha maso cha Lions ku Blantyre, mwina akonze chikopecho. Zikhadabo zake zina sizinamerenso, khungu lili mawangamawanga. Anandiuza motsitsa mawu kuti kumalo obisika nako kunatsala zipsera, banja linagwedezeka. Zimenezi odwala sanena ukapanda kufunsa, ndiye ndimafunsa.

Chinandidzidzimutsa ndi china. Mayiyu ndi woyembekezera, wayamba sikelo, ndipo kusikelo amapereka Fansidar woteteza malungo. Fansidar ndi Bactrim ndi pachibale, onse ali ndi sulfa. Nditatsegula kabuku kake ka kuchipatala, kanali katsopano, kakale kanatha, ndipo panalibe paliponse polembedwa kuti Bactrim ndiye anam'pweteka. Ndinalemba ndi inki yofiira pachikuto, kenako ndinapita naye ndekha kwa azamba. Mwayi wake anali asanamwe.

Lachitatu linatha ndi maopaleshoni a ng'ala.

Lachinayi anandiitana kuwodi ya amuna. Mnyamata wa khunyu, milungu iwiri chiyambire mankhwala atsopano, milomo itauma magazi, maso atamatirira mafinya. Aliyense anali kalikiliki ndi diripi ndi mabala, ndipo n'zoona, moyo uli pamenepo. Koma maso amawonongeka masiku oyambirira omwewo. Chikope chikamatirira ku diso n'kupolera pamodzi, kudzachilekanitsa pambuyo pake n'kovuta kwambiri. Ndinatsuka maso ndi saline, madzi amchere a m'diripi aja, kuchotsa zomata, kupaka mankhwala, n'kuonetsa mlongo wake amene akumudikirira mmene angachitire.

"Achemwali, musatope. Akamakana chifukwa cha ululu, munyengerereni."

Anangogwedeza mutu, n'kufunsa ngati mchimwene wake adzamwenso mankhwala a khunyu. Funso labwino zedi. Ambiri akapulumuka amaopa piritsi lililonse, ngakhale Panado, ena n'kusiya ma ARV kumene. Ndinamufotokozera kuti alipo ena osiyana ndi amenewa, ndipo adokotala a kuwodi asankha mosamala, chifukwa carbamazepine, phenobarbitone ndi phenytoin akhoza kumuvuta onse.

Lachisanu pamsonkhano wam'mawa ndinapempha zinthu ziwiri: wodwala aliyense wotere atiitane a maso tsiku lomwe wagonekedwa, ndipo potuluka dzina la mankhwalawo lilembedwe pachikuto cha kabuku, iye mwini alitchule pakamwa mpaka aliloweze. Bactrim amagulitsidwa m'maokala ngati maswiti, wogulitsa safunsa kabuku. Asisitala a kuwodi avomera, ndipo mnyamata uja ndikamuonanso mawa, ngakhale ndi Loweruka.