Katsenga kogwetsa botolo

Abale, anthu amaderera timatsenga ting'onoting'ono mu masewera ongoyerekezera nkhani otchedwa Dungeons & Dragons koma ine ayi ndithu. Dzulo tikusewera wamatsenga wanga wa m'masewerawo mphamvu zoponya moto zinali zitatha, ndinangotsala ndi Mage Hand, kadzanja koyandama kaja kamene sikanyamula zoposa makilo 4 ndi theka komanso sikafika patali kuposa mamita 9. Ndiye ndinangokankha botolo la inki patebulo la mlonda, inki yonse khuthu pa pepala lomwe linali ndi mayina athu, iye kalikiliki kupukuta ife n'kudutsa osamenyana ndi aliyense. Mtima wanga myaa! Chimene ndimakakondera n'choti sikatha, umakagwiritsa ntchito mobwerezabwereza, bola uone kaye chomwe chili m'chiwiyamo. Ulendo wina ndikagwetsa nyale ya mafuta.