Kachifanizo ka Hardwick Hall: khoma la kumadzulo laima

Sabata yachinayi yomanga ndi katoni kachifanizo ka Hardwick Hall, nyumba yakale ya ku England. Khoma lakumaso laima, nsanja ziwiri mwa zisanu ndi imodzi zatha. Muyeso ndi 1:100, ndiye kuti mita imodzi ndi sentimita imodzi. Chipinda chachitali chotchedwa Long Gallery, cha mamita pafupifupi 50, chikukwana theka la mita patebulo.

Chimene chadya nthawi ndi mawindo. Nyumbayi, ya ku Derbyshire, anaimanga pakati pa 1590 ndi 1597 kumangira Bess of Hardwick, mayi wolemera wa nthawiyo, mapulani ake akuti anajambula Robert Smythson, ndipo Angerezi amainena kuti magalasi anaposa khoma. Pa katoni mawuwa amasanduka vuto lenileni: pakati pa windo ndi windo pamatsala kachidutswa kowonda, kosachedwa kung'ambika. Dulani mawindo onse khoma lisanachoke pa katoni yaikulu, ndi leza watsopano, kudutsa katatu mopepuka m'mbali mwa rula yachitsulo. Kukanikiza kamodzi kumaphwanya m'mphepete.

Mawindowo asafanane kutalika. Apansi ndi aafupi, apakati otalikirapo, apamwamba ndiwo aatali koposa, chifukwa zipinda zolandirira alendo olemekezeka, High Great Chamber ndi Long Gallery, zili pamwamba. Mukawalinganiza, kanyumbako kamaoneka ngati fakitale, osati Hardwick.

Khoma loyamba linapindika ngati uta. Guluu woyera wa matabwa ali ndi madzi. Akalowa mbali imodzi yokha, katoni imakoka pouma. Matani pepala mbali zonse ziwiri, mutsindire ndi mabuku usiku wonse. Supa guluu asayandikire pulasitiki ya magalasi, mpweya wake umasiya chifunga choyera chosapukutika. Tizigawo ta galasi topingasa timatuluka bwino mukakanda pulasitikiyo ndi singano, kupaka penti wotuwa, n'kupukuta asanaume. Amatsalira m'mizere mokha.

Mawindo ena a nyumba yeniyeniyo ndi onamizira, kumbuyo kwake kuli khoma. Amenewo ndangomata pepala lakuda kuseri.

Zatsala nsanamira zapakhonde, denga lafulati, ndi zilembo ES za pamwamba pa nsanja, zoimira Elizabeth Shrewsbury, yemwe ndi Bess uja. Katoni ya mamilimita awiri yakana, S akuthyoka pokhota. Ndiyesa pulasitiki yopyapyala ya theka la milimita, kuboola kaye m'makona ndi singano yotentha.