Zikomo Achikulire, zonse 5 zinafika pa sikelo zili moyo

Ndafika kunyumba usiku wathawu ndipo tulo sindinatione bwino. Khosi lapsa ndi dzuwa, chala chachikulu chakhakhala ndi timano ta nsomba za bass, phewa lija likuwawa monga mwa nthawi zonse. Komabe ndati ndisadikire kuti mtima uzizire, ndithokoze lero lomwe.

Ambiri mwamva kale kuti pa mpikisano wa masiku awiri wowedza bass ndathera pa nambala 4 kumbali ya ife owedza tili kumbuyo kwa boti, ndipo ndalowa m'gulu lopita ku mpikisano wa dziko lonse. Mukudziwanso kumene ndachokera. Chaka chatha ndinabwerako chimanjamanja masiku onse awiri, kenako ngozi ija, miyezi 5 dzanja losakwezeka, boti langa n'kugulitsidwa kuti tilipire kuchipatala. Zimenezo sindibwerezanso. Ambuye Mulungu, Inu munaona usiku umene ndinkalephera ngakhale kuvala malaya ndekha, landirani ulemu wonse.

Koma lero ndikufuna kunena za munthu mmodzi. Achikulire, dzina lanu sinditchula poti munandiletsa, koma amene anali pagombe dzulo akukudziwani. Ine ndi inu sitinkadziwana. Mayere ndi amene anandiika m'boti lanu madzulo a tsiku lolembetsa, ndipo pamene tinkapatsana moni ndinakuuzani mwamanyazi za phewa langa, poopa kuti mudzandiona ngati katundu. Munangoti, "Bola mbedza mukutha kuponya, achimwene, zinazo tikaonera konko."

Tsiku loyamba linali lowawa. Usiku kunadutsa mphepo yozizira, kutacha kumwamba kuli mbee, ndipo aliyense wowedza bass amadziwa kuti zikatero nsombazi zimakakamira m'zitsa ndi m'nthambi zomira, sizithamangitsa kanthu. Ine ndi mantha anga ndinakhalira kuponya spinnerbait, nyambo ya tizitsulo tozungulira, m'mawa wonse, kukoka mothamanga, osagwira olo imodzi. Inu munali ndi 3 kale. Cha m'ma 10 koloko munatembenuka n'kundipatsa paketi ya nyongolotsi zapulasitiki, n'kundimangira nokha Texas rig, kamtovu kosongoka kutsogolo, nsonga ya mbedza yobisika m'thupi la nyambo kuti isakodwe m'nthambi. Munati ndiiponye pafupi penipeni ndi chitsa, ndiisiye imire, ndiwerenge mpaka 10 ndisanaigwedeze, ndipo maso akhale pa chingwe chifukwa tsiku lotere bass imatola nyambo mwakachetechete, munthu osamva kanthu m'manja.

Chimene anthu ena sangachimvetse n'chakuti woyendetsa boti ndiye amakhala kutsogolo, phazi lili pa kainjini kamagetsi, ndipo malo abwino amayamba kuponyapo ndi iyeyo. Wakumbuyo amatola zotsala. Alipo ena amene amaimika boti mwadala kuti mnzawo azingoyang'anizana ndi madzi opanda kanthu. Inu munkalipingasa kuti nane ndifikire zitsa zimene simunazikhudze. Ndinaona, Achikulire, ngakhale simunanene. Tsikulo ndinayeza nsomba 3. Yachinayi inapelewera pang'ono pa masentimita 30 amene malamulo a mpikisano wathu amafuna, ndinaibweza mtima ukuwawa.

Dzulo kunacha ndi mitambo, kotentha, madzi ali zii. Munatitengera kumalo a kakombo n'kundiuza kuti ndimange chule wapulasitiki woyandama. Ziwiri zoyamba zinandipulumuka chifukwa madzi akangoti phuu ndinkakoka nthawi yomweyo, nsomba isanatseke kamwa. Munandiuza kuti ndizidikira mpaka ndimve kulemera kwake m'ndodo. Cha m'ma 11 koloko inabwera yaikulu, ya makilogalamu 2.9. Inalowa pansi pa masamba, ndodo inapindika, phewa linachita ngati lang'ambikanso, koma inatuluka. Pofika 12:30 ndinali ndi zonse 5 zimene munthu amaloledwa kukayeza. Inu munali ndi 4, ndipo zinayi zanuzo zinali zabwino moti yachisanu, ngakhale yaing'ono, ikanakulowetsani m'gulu lopita kutsogolo.

Itangokwana 1 koloko ndinazindikira kuti kumbuyo kuli chete. Pampu ya livewell, bokosi lamadzi losungiramo nsomba zamoyo m'boti, ya mbali yanga inali itasiya kulira. Nditatsegula chivindikiro ndinapeza madzi ali ofunda, a thovu pamwamba, ndipo yaikulu ija itagona cham'mbali, ikungotsegula kamwa pang'onopang'ono. Kwa amene simuwedza: madzi ofunda amasunga mpweya wochepa, ndipo nsomba 5 m'kabokosi kakang'ono zimaumaliza msanga pampu ikaima. Nsomba ikafa amakudula kulemera pa sikelo, ndipo yakufayo suloledwa kuitaya kuti uikepo ina. Kuziika mbali ya Achikulire sikukanathekanso, poti malamulo amati nsomba za anthu awiri zisasakanikirane. Tinasintha fyuzi, inapsanso. Tinagwedeza mawaya, ayi ndithu. Pampu inali itafa.

Ndinatenga ndowa kuti ndizitunga madzi atsopano. Ndinakweza kanayi, kachisanu dzanja linakana, ndowa inagwera m'boti. Ndinakhala pansi, ndipo sindibisa, misozi inatuluka. Ndinaona chaka chonse chija chikubwerera.

Achikulire, munakulunga chingwe chanu, n'kugoneka ndodo pansi. Kunali kutatsala maola awiri athunthu, nthawi yokwanira kugwira yachisanu ija kangapo konse. Ndinakuuzani kuti pitirizani kuwedza, vutoli ndi langa. Munayankha kuti, "Pampu ndi ya boti langa, ndipo nsomba zili m'boti langa." Basi. Munatichotsa m'madzi osaya ofunda aja n'kupita pakati pamene pankawomba kamphepo, pomwe madzi ake anali oyera ndi ozizirirako. Munagwada pa kapeti yotentha ija, munthu wa imvi, n'kuyamba kutunga: kuchotsa madzi akale, kuthira atsopano kuchokera m'mwamba kuti azichita thovu n'kulowetsa mpweya. Ayisi amene munasungira madzi anu akumwa munkaponyamo pang'onopang'ono, mukundifotokozera kuti kuziziritsa kamodzin'kamodzi kumaphanso nsomba. Ine ntchito yanga inali kuigwira yaikulu ija ndi dzanja lamanzere kuti ikhale chilili, isagudubuzike.

Ndinasiya kuwerenga ndowa zija. Malaya anu ananyowa ndi thukuta mpaka kumsana, mawondo akunjenjemera, koma pakamwa panu simunatuluke mawu odandaula. M'malo mwake munayamba kundisimbira za George Perry, amene mu 1932 anagwira bass ya makilogalamu 10 ku Georgia, ku America, dziko lonse n'kumaikamba mpaka lero. Munati, "Imene ija inathera m'mbale, koma yanuyi ibwerera kwawo." Ndinadziwa kuti mukungofuna kuti mtima wanga ukhale pansi, ndipo unakhaladi. Patapita mphindi ngati 40 ndinamva chipsepse chikundimenya m'chikhatho. Inadziwongola yokha n'kutsikira pansi pa bokosi. Ndinafuula dzina la Yesu pakati pa madzi.

Ngakhale pamenepo simunabwerere ku ndodo yanu. Munati tikasiya kutunga kwa mphindi 15 zokha tibwerera pomwe tinali. Tinanyamuka nthawi ikadalipo, majekete titavala, chingwe chozimitsira injini chili pa inu, ndipo munayendetsa pang'onopang'ono kuti mafunde asazimenyetse kukhoma la bokosi. Maboti ena ankatidutsa ngati mphepo. Kawiri konse munaima panjira kuti tisinthe madzi, uku mukuyang'ana wotchi, chifukwa wochedwa amadulidwa pa mphindi iliyonse. Tinafika kutatsala mphindi 4 kuti 3 koloko ikwane.

Pamzere wa sikelo ndinanyamula thumba lamadzi lija ndi manja onse awiri, mtima uli m'mwamba. Woyeza anazigwira imodziimodzi n'kunena mokweza kuti zonse 5 zili moyo. Ndinatembenuka kuti ndikuoneni. Munali kumbuyo kwanga ndi thumba lanu la nsomba 4, mukumwetulira ngati zanu zomwe. Mutayeza, munatsalira pang'ono, kulemera kosakwana nsomba imodzi yaing'ono. Ndinasowa chonena. Ndinabwera kudzapepesa, inu n'kundigwira paphewa labwinoli n'kunena kuti yachisanuyo ikadali m'madzi, ikukula, mudzaitenga chaka chamawa. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ine ndaziona ndi maso anga dzulo.

Ena ndithokoze mwachidule, musandiimbe mlandu. Mayi akunyumba, munadzuka 3 koloko usiku masiku onse awiri, ndiponso ndinu amene munandiletsa kugulitsa ndodo zanga pamene boti linkapita. Munati zimenezo zokha zitsale. Alamu, munayendetsa ulendo wonse kupita ndi kubwera kuti ine ndipumitse dzanja. Adokotala a mafizo amene munkandikweza dzanja ine ndikukuwa, lija munkati lidzaponyanso mbedza laponyadi. Anzanga awiri a ku kalabu amene munandibwereka reel yokulungira chingwe ndi jekete, katundu wanu ali bwino, ndibweretsa mkati mwa sabatayi. Okonza mpikisano ndi anyamata amene munkanyamula nsomba kukazibweza m'madzi dzuwa lili pamutu, Mulungu akudalitseni.

Alipo amene munalonjeza kuti tidzapitira limodzi, tsiku litayandikira foni n'kumangoitana osayankhidwa. Dzulo madzulo mauthenga anu ndawaona, afika msanga kuposa a wina aliyense. Ndilibe nanu mawu. Aliponso amene chaka chonsechi mwakhala mukundiseka kuti munthu wamkulu, wovulala kale, ukuvutikiranji ndi nsomba zoti ukagwira n'kuzibwezanso. Kubweza nsomba zamoyo sikunayambe ndi ine. Bungwe la owedza bass la B.A.S.S. ku America linayamba kuchita zimenezi m'mipikisano yake mu 1972, litaona kuti maboti ambirimbiri akamapha nsomba zazikulu sabata ndi sabata, madzi amatsala opanda kanthu. Zazikulu zambiri zimakhala zazikazi, zoikira mazira. Ndikanakonda mukanakhalapo pamene ya makilogalamu 2.9 ija inkatsetsereka kuchoka m'manja mwa mnyamata uja, n'kupukusa mchira kamodzi, n'kuzimiririka. Ine ndinaima pamenepo mpaka madzi atakhala bata.

Achikulire, ndabwereranso kwa inu chifukwa mtima sukukhutira. Munandidziwa masiku awiri okha. Munalipira ndalama yolowera ngati ine ndemwe, munathira mafuta, munakonzekera miyezi, ndipo malo amene ndikupita ine inunso munkawafuna. Ndikupemphera kuti Ambuye akupatseni mphamvu m'mawondo amene munagwadira aja, akusungireni banja lanu, ndipo tsiku limene mudzasowe wokutungirani madzi, asakusiyeni nokha.

M'chikwama mwanga mwatsala nyongolotsi 3 za m'paketi yanu ija. Zimenezo sindibweza, ndipita nazo ku mpikisano waukulu. Koma pampu yatsopano ndigula ndine, ndipo musakane monga munakanira ndalama ya mafuta. Loweruka m'mawa ndikubwera nayo, tidzamange limodzi.