Ku Kansas City, kwa Satchel Paige

Mzinda wa Kansas City uli m'chigawo cha Missouri, pakatikati pa dziko la America, ndipo umatchuka ndi nyama yootcha komanso nyimbo za jazi. Ndinapitako kukacheza kwa achemwali anga amene amagwira ntchito ya unamwino kumeneko. Za baseball zinalibe malo m'maganizo mwanga, koma alamu anga anakana. "Mlamu, simungabwerere kumudzi musanamuone Satchel," anatero uku akutola makiyi a galimoto. Ankanena za Satchel Paige, katswiri wakale woponya mpira pa masewera a baseball.

Anandipititsa pamphambano ya misewu ya 18th ndi Vine, dera limene kale linali mtima wa anthu akuda a mumzindawu. Pamenepo pali Negro Leagues Baseball Museum, nyumba yosungira mbiri ya maligi a anthu akuda. Inayamba mu 1990, ndipo mu 1997 inasamukira m'nyumba imene ilimo lero, limodzi ndi American Jazz Museum. Chapafupi pomwepo pali nyumba yakale ya Paseo YMCA, mmene Rube Foster ndi anzake anakhazikitsira Negro National League mu 1920, popeza matimu a azungu sankalola munthu wakuda kusewera nawo.

Kwa amene simunaonepo masewerawa: woponya mpira amaima pakachulu kakang'ono pakati pa bwalo, mamita 18 ndi pang'ono kuchokera pamene paima womenya ndi chibonga chake. Ntchito yake ndi kuponya mpira mwakuti womenyayo auphonye katatu, atuluke. Timu ikakhala ndi woponya wabwino, anzake onse amapuma bwino.

Ukangolowa m'nyumbamo umaona kabwalo ka baseball kali ndi ziboliboli zachitsulo zazikulu ngati anthu enieni, koma pakati pa iwe ndi bwalolo pali waya wonga wa khola la nkhuku. Sungalowe pomwepo. Uyenera kuyamba wazungulira nyumba yonse, kuona zithunzi, mayunifolomu akale ndi nkhani za m'nyuzipepala, ndipo pomaliza ndi pamene umatulukira pabwalo. Anachita dala, chifukwa waya wotere ndi umene unkalekanitsa oonerera akuda ndi azungu m'mabwalo ena a nthawi imeneyo. Pakachulu paja paima Satchel Paige, wamtali, wowonda, miyendo ndi manja zitalizitali. Kutsogolo kwake kwanjuta Josh Gibson, wowakha mpira. Ndinaima pafupi ndi chiboliboli cha Paige nthawi yaitali ndithu.

Dzina lake lenileni linali Leroy Robert Paige. Anabadwira ku Mobile, Alabama, pa 7 Julaye 1906, m'banja losauka la ana ambiri. Ali mwana ankachita ganyu yonyamula zikwama za apaulendo pasiteshoni ya sitima, ndipo akuti dzina loti Satchel linachokera pamenepo. Mu 1918 anagwidwa ataba tinthu m'sitolo, n'kutumizidwa kusukulu yolangira ana akuda ku Mount Meigs, kumene anakhalako zaka zoposa zisanu. Kumeneko ndi kumene mphunzitsi wina anamuphunzitsa kuponya mpira mwaluso. Ndimati ndikaganiza za mwana wa zaka 12 kumutsekera zaka zonsezo chifukwa cha tinthu ta m'sitolo, mtima umandiwawa.

Anayamba kusewera molipidwa mu 1926 ku Chattanooga. Kuchoka apo moyo wake unali wa pamsewu: Birmingham Black Barons, Pittsburgh Crawfords, timu ya ku Bismarck ku North Dakota mmene akuda ndi azungu ankasewera limodzi, ndiponso Dominican Republic mu 1937, kumene anasewerera timu ya wolamulira wankhanza Rafael Trujillo. Chimene chinkadabwitsa anthu si liwiro lokha la mpira wake, koma kulunjika. Poyeserera ankaika kapepala ka chingamu pansi n'kumadutsitsa mpira pamwamba pake mobwerezabwereza, ngati mnyamata wodziwa kugenda amene amaloza bango limodzi pansonga ya mtengo n'kuligwetsa lomwelo. Nthawi zina ankaitana anzake oteteza kutali kuti abwere akhale pansi, iye yekha n'kutulutsa omenya. Eni matimu ankadziwa kuti dzina lake likalembedwa pachikwangwani, bwalo lidzaza.

Mu 1938 ali ku Mexico mkono unamupweteka kwambiri, ambiri n'kumati zake zatha. J. L. Wilkinson, mwini wa Kansas City Monarchs, ndi amene anamutola n'kumuika m'timu yachiwiri yoyendayenda. Mkono unachira, ndipo mu 1942 Monarchs inagonjetsa Homestead Grays ya Gibson pa mpikisano waukulu wa maligi a akuda.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandikhudza kwambiri. Khomo la ligi yaikulu, imene inali ya azungu okha, litatseguka mu 1947, amene analowa ndi Jackie Robinson, mnyamata amene anasewera naye ku Monarchs mu 1945. Paige anatengedwa chaka chotsatira ndi Bill Veeck, mwini wa timu ya Cleveland Indians, pa tsiku limene ankakwanitsa zaka 42, msinkhu umene oponya ambiri amakhala atapuma kalekale. Komabe anapambana masewera 6 n'kugonja amodzi okha. Pa 20 Ogasiti 1948 anthu oposa 78,000 anadzaza bwalo la Cleveland kudzamuona, ndipo Chicago White Sox sinapeze ngakhale chigoli chimodzi. Chaka chomwecho anakhala munthu wakuda woyamba kuponya mpira mu World Series, mpikisano womaliza wa ligi yaikulu. Ngati anachita zimenezi atakalamba, nanga akanalowa ali ndi zaka 25? Zaka makumi awiri za mphamvu zake anazithera m'mabasi ndi m'matauni mmene mahotela ndi malo odyera ankamukaniza kulowa.

Titatuluka, alamu anandidutsitsa pa 22nd ndi Brooklyn, pamene panali Municipal Stadium. Bwalolo linagwetsedwa mu 1976 ndipo pano pali nyumba za anthu. Pamalo amenewa, pa 25 Seputembala 1965, Charlie Finley, mwini wa timu ya Kansas City Athletics, anamuitana Paige ali ndi zaka 59, n'kumuikira mpando wogwedezeka ndi namwino pambali kuti anthu asangalale. Zampandozo sizindikondweretsa. Koma mkuluyo atadzuka anaponya zigawo zitatu kwa Boston Red Sox popanda chigoli, ndipo amene anamenya bwino mpira wake, popanda oteteza kulakwitsa, anali Carl Yastrzemski yekha.

Nkhomaliro tinadyera kwa Arthur Bryant's, pamsewu womwewo wa Brooklyn, nyama ya ng'ombe yowamba ndi utsi, yoika pa buledi. Kenako tinalowera kumanda a Forest Hill. Paige anamwalira pa 8 Juni 1982, ndipo anagona limodzi ndi mkazi wake Lahoma pakachilumba ka kapinga kozunguliridwa ndi msewu. Pachipilala chake analembapo malangizo ake asanu ndi limodzi a mmene munthu angakhalire osakalamba msanga. Loyamba ndi lopewa nyama yokazinga, lomaliza ndi loti usamacheuke, mwina china chake chikukulondola.

Mu 1971 analowetsedwa mu Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri a baseball ku Cooperstown, woyamba kusankhidwa chifukwa cha zimene anachita m'maligi a akuda. Poyamba akuluakulu ankafuna kuwaika osewera otere pamalo apadera, koma anthu atakwiya anasintha maganizo. Mu Disembala 2020 bungwe la Major League Baseball linavomereza kuti maligi a akuda a pakati pa 1920 ndi 1948 anali maligi aakulu, ndipo mu 2024 ziwerengero zawo zinalowetsedwa m'mabuku ake. Masewera ochuluka amene Paige ankaponya m'matauni ang'onoang'ono, poyendayenda ndi basi, sanawerengedwe m'mabukumo.