Bokosi lomwe madalaivala ankakwererapo

Lolemba m'mawa ndinapeza mabulaketi atatu ali patebulo langa, onse atang'aluka malo amodzimodzi: pakona, m'mphepete mwenimweni mwa powotcherera. Ndi aja amagwira bokosi la zida m'mbali mwa lole, momwe dalaivala amasungamo jeke, masipanala ndi malamba omangira katundu. Pulani yake ndinajambula ndine monga injiniya, ndiye mtima unandiwawa.

Nditayang'ana pong'alukapo ndi galasi lokulitsa, ndinaona timizere tokhota ngati ta pachigoba cha nkhono. Chitsulo chotere sichinathyoke kamodzi n'kamodzi ayi. Chinatopa, monga waya amene ukumupinda uku ndi uku mpaka aduke. Koma pakompyuta masamu anga onse ankalondola: bokosi lodzaza, mabampu, kunjenjemera kwa galimoto, zonse ndinaziwerengera.

Lachiwiri tinakhala pansi anthu anayi, ine, wowotcherera wathu wamkulu, makaniko ndi mayi amene amatigulira zipangizo. Mayiwo ankafuna aluminiyamu kuti bokosi lipepuke, ndipo mfundo yawo inali yomveka, chifukwa kilogalamu iliyonse yomwe tachotsa pagalimoto ndi katundu wina amene mwini wake anganyamule. Kachidutswa ka aluminiyamu kakalemera magalamu 2.7, chitsulo cha kukula komweko chimalemera 7.85. Vuto ndi loti amapindikanso pafupifupi katatu kuposa chitsulo, ndipo wa mtundu wa 6061-T6 amafooka pamene wawotchereredwa. Akagundananso ndi chitsulo pamalo onyowa, amadyeka. Makaniko anati tingowonjezera bulaketi yachitatu pabokosi, tiboole mlomo wam'munsi wa chassis, chitsulo chachikulu chija chomwe ndi msana wa lole. Apo ndinakana kwamtuwagalu. Milomo iwiri ija, wapamwamba ndi wam'munsi, ndi imene imasenza mphamvu yaikulu chassis ikamapindika, n'chifukwa chake opanga malole amaletsa kuiboola kapena kuiwotcherera. Tinabalalika osagwirizana chilichonse.

Lachitatu ndinasiya kompyuta n'kupita komwe malole a kasitomala wathu amapakira katundu. Ndinangoima chapatali. Bambo wina wachikulire atamaliza kuponya malamba pamwamba pa katundu, anagwira m'mbali mwa lole, naponda pabokosi lathu lija n'kudzikweza. Potsika anachita kudumphira pomwepo. Nditayandikira ndinaona penti ya pachivindikiro itayalukiratu pakona imodzi, dindo la nsapato lili mbee.

"Bambo, mumakwerera apa tsiku lililonse?"

"Nanga achimwene ndikwerere pati? Lamba akapotokola pamwamba ndimusiye choncho? Tonse timapondapo apa."

Anandiuza mosabisa, osadziona wolakwa, ndipo sanalakwedi. Ine ndinajambula bokosi lonyamula zida, pomwe iwo ankafuna bokosi ndi popondera. Munthu wamkulu akadumphira kunsonga kwa bokosi, kutali ndi mabawuti, mphamvu yonse imakathera pakona ija. Mainjiniya ena akanangomatapo chikwangwani choletsa kuponda, koma ine zimenezo sindigwirizana nazo. Munthuyo adzapondabe, ndipo tsiku lina kukugwa mvula adzaterereka.

Lachinayi ndiye tsiku limene ndinasangalala nalo. Tinakhoma bokosi lathabwa loyeserera, lokhala ndi sitepe, n'kuitana bambo aja ndi dalaivala mnzawo wamfupi. Sitepe yoyamba ndinaiika m'mwamba kwambiri, wamfupiyo anachita kukweza bondo mpaka pachifuwa. Tinaitsitsa. Chogwirira anasankha malo ake ndi iwo, pongotambasula dzanja maso ali kumwamba, ine n'kulemba ndi choko pomwe dzanjalo lafika. Lamulo lokwerera galimoto yaikulu limati manja awiri ndi phazi limodzi, kapena mapazi awiri ndi dzanja limodzi, zikhale zitagwira nthawi zonse, ndipo popanda chogwirira zimenezo sizitheka.

Nzeru yomwe inatsiriza nkhani inachokera kwa wowotcherera. Anatenga bulaketi yong'aluka, naitembenuza kangapo, n'kunena kuti, "Bwanji kona iyi tiipinde kuchokera ku chitsulo chimodzi, powotcherera tisunthire pakati pomwe sipavutika?" Pa zojambula zanga zonse sindinaganizepo zimenezo. Tinawonjezera kachitsulo ka makona atatu kolimbitsira, mabawuti olimba kwambiri a mtundu wa M12 giredi 10.9, ndipo onse akulowa m'mabowo omwe ali kale m'mbali mwa chassis. Mayi aja nawo sanabwerere chimanjamanja: chivindikiro chikhala cha aluminiyamu wa timizere tosatereretsa, pakati tiikapo labala kuti asagundane ndi chitsulo.

Lachisanu madzulo bulaketi yatsopano tinaimanga pamakina oyesera, omwe akuikankha ndi kuisiya ngati phazi la munthu, usana ndi usiku. Ndinatuluka akugogodabe. Lolemba ndikayamba ndi kuyang'ana kona ija ndi galasi, ndipo ikapezeka yosang'aluka, yoyamba tikaimanga palole ya bambo aja.