Lachitatu, m'chigwa cha Ruo

Tanyamuka pa boma la Mulanje kusanache bwino, chiperoni chikuwaza. Pomafika ku minda ya tiyi ya Lujeri n'kuti phiri lonse litafunda nkhungu. Ntchito ya lero inali yoyenda pansi. Tili ndi mapu a nkhalango amene tinakonza pa kompyuta pogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2, ndiye timayenera kukaima pa malo amene tinaikapo zizindikiro, GPS (kachipangizo kosonyeza malo enieni amene munthu waima) m'manja, kuti tione ndi maso ngati zomwe mapu akunena zilipodi.

Pa zithunzizo, kadontho kamodzi kamaimira malo a mamita 10 mbali zonse, ndipo zobiriwira zimakonda kusokonezana. Tiyi amadziwika msanga chifukwa minda yake ndi yodulidwa bwino. Koma bulugamu, paini, thengo lophukira pa zitsa ndi nkhalango yachilengedwe, zonsezi kompyuta ikhoza kuziika m'thumba limodzi n'kulemba kuti nkhalango. Malo oyamba amene tinaimapo anali otero. Mapu akuti mitengo yothithikana, ife tinapeza bulugamu yekhayekha, pansi pali gwa, popanda ngakhale nyongolotsi.

Titalowa m'nkhalango yeniyeni mpweya unasintha. Mdima wa masana, zilambe zikulendewera, ndere pa makungwa, mayani onyowa akumira ku phazi. Bambo amene amatilondolera anandigwira mkono. "Achimwene, taimani, mupondapo linthumbu." Mzere wake unali utadutsa njira, ndipo anatiuza kuti tikhale pansi chapatali tidikire. Sipanatenge nthawi, kambalame kanatera pa nthambi yam'munsi: msana wofiirira, mutu wotuwa, pakhosi poyera, timadontho toyera kunsonga ya mchira. Inali mbalame yotchedwa Thyolo alethe. Imatsata linthumbu n'kumatola tizilombo tothawa m'mayani. Ndinanjenjemera polemba nambala za GPS.

Mbalameyi inatenga dzina ku Thyolo, koma nkhalango ya phiri la Thyolo inagwetsedwa pafupifupi yonse cha m'ma 2000, malo n'kusanduka minda. Kunja kwa Malawi imapezeka pa mapiri ochepa a ku Mozambique monga Namuli, Chiperone ndi Mabu basi. Singakhale m'tiyi kapena m'paini. Imafuna mthunzi wosaduka ndi dothi losauma, n'chifukwa chake zimandiwawa ndikaona mapu olemba bulugamu ngati nkhalango. Wowerenga ku Lilongwe aganiza kuti malo a mbalameyi akadali ambiri, pomwe atsala timagawo ta m'zigwa. Nayonso mbalame ina yotchedwa yellow-throated apalis, yomwe kwawo ndi kuno ku Malawi kokha, imadalira timagawo tomweti.

Potsika tinapeza uvuni wa makala ukufuka, zitsa zake zikadali zonyowa utomoni, mkati mwenimweni mwa malire a nkhalango yomwe inatetezedwa ndi lamulo mu 1927. Pa chithunzi chathu malowa akuoneka athunthu, kusonyeza kuti nkhwangwa yadutsa posachedwa. Chakumunsi tinakumana ndi mayi atasenza mtolo wa nkhuni. Titapatsana moni anayang'ana GPS ija n'kufunsa, "Kodi bambo, mukuyeza kuti mudzatithamangitse?" Ndinawafotokozera za mbalame ndi za madzi a mtsinje wa Ruo. Anagwedeza mutu n'kunena kuti namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 anawakokololera munda, ndipo pophikira alibe pena. Sindikanawatsutsa. Mapu athu ayenera kuonetsanso midzi, minda ndi njira za nkhuni, kuti odzala mitengo adziwe kumene nkhalango za m'midzi zikufunika msanga.

Madzulo ano takonza magulu pa kompyuta: bulugamu payekha, paini payekha, zophukira pazokha, nkhalango yachilengedwe payokha. Gawo lomalizali lachepa kuposa mmene linkaonekera. Mawa, mvula ikatilola, tilowera cha ku Muloza kukaona zotsala za nkhalango ya Chisongeli.