Tsiku limene ndinalamula apongozi kuti apepese

Tambala uja anadzipha yekha, ndipo izi ndidzanenabe mpaka kumanda. Ndinkalowa pakhomo pa apongozi ku Linthipe pa njinga yamoto yobwereka, iye n'kutulukira kuseri kwa nkhokwe akuthamangitsa thadzi, maso ali kuchikondi. Ndinangomva kuti phwa! Nthenga m'mwamba.

Tsoka lake, tambalayo anali wa apongozi aakazi, ine n'kuti ndili mkamwini wa miyezi 4 yokha. Kumudzi kuja mkamwini sangoima pamaso pa apongozi n'kumayankhula ngati ali pa depoti. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Akazi anga anali kudimba. Apa nzeru za m'tauni zinandipeza: ndingolemba uthenga pafoni.

Ndinkafuna kulemba kuti, "Pepani amayi, ndagunda tambala wanu." Koma sabata imeneyo ndinali pa mkangano pagulu la zampira pa WhatsApp, ndipo aliyense wonyoza timu yanga ndinkamulembera kuti pepesani. Foni inasunga zimenezo mumtima. Nditangoyamba p-e-p, inamalizitsa yokha, chala n'kutumiza.

"Pepesani amayi, ndagunda tambala wanu."

Apongozi saona bwino tizilembo ta pafoni, ndiye anapatsa mdzukulu wa Sitandade 5 kuti awawerengere. Mwanayo anawerenga mokweza, monyadira sukulu yake, pamaso pa amayi amene ankatonola chimanga pamphasa. Ndili kuseri kwa khola ndinamva wina akuti, "Aaa! Tambala aphe iwo, kupepesa mupepese inu?"

Thukuta kamukamu. Ndinati ndikonze msangamsanga, koma pofufuta ndinapitirira malire, n'kutumiza liwu limodzi lokha: "Pepa." Mwana uja anawerenganso. Pamphasa panangoti zii, moti ndinamva njere ya chimanga ikugwa m'lichero.

Madzulo ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mango. Atsibweni a akazi anga, mphunzitsi wopuma ntchito amene ankaoneka kuti kalasi waisowa kwa zaka zambiri, anatenga kamtengo n'kulemba padothi mawu atatu motsatizana: pepa, pepani, pepesani.

"Akamwini, tiwerenge limodzi. Ili loyambali timauza mwana akagwa chagada n'kuyamba kulira. Kodi mlongo wangayu wagwa chagada?"

"Ayi, bambo."

"Lachiwirili lili ndi ni wa ulemu. Limagwira ntchito paliponse. Mwalakwira munthu, pepani. Mwapita pasiwa, pepani. Munthu wapunthwa yekha pa chitsa, inu muli kutsidya la msewu, pepaninso, ngakhale chitsacho simunadzale ndinu. Linali pakatikati, laulere. Inu mwalilumpha kawiri, popita ndi pobwera."

Kenako anagogoda lachitatu lija ndi kamtengo. "Ili ndi lamulo. Amalankhula ndi a mfumu poweruza mlandu. Zilembo ziwiri zokha, e ndi s, mwadzilonga nazo ufumu pamudzi wa eni."

Ndinayesa kunena kuti ndi foni. Anandifunsa ngati foniyo ndi imene inafunsira mbeta pakhomopo. Ndinawerama.

Anagamula kuti pepani sapoletsa chilonda, pafunika chipepeso: tambala mmodzi. Ndinatsala pang'ono kufunsa ngati akunena tambala wachitsulo uja, woti akakwana 100 ipangike kwacha, koma akazi anga anandiponda chala mawu asanatuluke.

M'mawa mwake ndinakagula tambala wofiira ku Chimbiya, wamkulu kuposa malemu aja. Ndinafika naye wapansi, njinga nditaibweza kwa mwini wake. Ndinagwada chapatali monga mwa mwambo, mawu nditawaloweza usiku wonse, pe-pa-ni, osawonjezera, osachotsera. Ndikuti nditsegule pakamwa, luzi la kumiyendo linamasuka. Tambala anandimenya mapiko kumaso, n'kundikanda pamphuno. Ndinabwerera chambuyo, n'kukodwa pa mtondo, n'kugwa chagada m'beseni la madeya.

Apongozi anadzambatuka, mwambo wonse wopewana ataiwala. "Kalanga ine! Pepani bambo, pepani!"

Atsibweni anatsokomola, n'kutembenukira kwa ankhoswe. "Mwamva nonse. Munthu analamula dzulo, lero apepesa."

Apongozi anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Pamene ndinkatuluka m'beseni muja, mutu uli mbuu, tambala watsopano n'kuti ali kale kuseri kwa nkhokwe, akuthamangitsa thadzi lomwe lija.